Waya Wachikasu wa M'bokosi la Njovu

Mudzi wa Kachindila, Mwase Lundazi
Lachiwili, 4 Febuluwale 2025

Mwana wanga Towela,

Undikhululukile pokuvutitsa ndi kalata pamene nchito zakuchulukila ku Lusakako. Ndikanaimba foni, koma ukuwadziwa makutu anga. Pa foni ndimangomva ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga. Monile kwa iwe ndi amuna ako a Gerald. Kuno tili makola, kupatula miyendo ya amako.

Nkhani ndi ya bokosi lomvela njovu lija unakweza pa mlongoti kumunda kwanga mu Novembala. Ndibweleze zimene unandiphunzitsa kuti uone ngati ndinazigwila bwino. Mabokosi alipo atatu: langa, la kusukulu ndi la kumtsinje. Amamva kulila kwa njovu kumene ife anthu sitimva, n'kutumiza uthenga ku mafoni a akomiti kunena kumene zili. Unati m'bokosi langa muli kagetsi kofiila kophethila kamodzi pa sekondi iliyonse, ndizikaona m'mawa ndi madzulo n'kulemba m'kope. Sindinaphonyepo tsiku.

M'kopemo muli izi. Lachitatu pa 29 Januwale, 17 koloko: kakuphethila. Lachinayi pa 30, 6 koloko m'mawa: kangoyaka, kosaphethila. Kuchokela apo mpaka lelo ndi chimodzimodzi. Sola ndapukuta. Batile ili bwino, nambala yake ndi 12.6 monga unanenela.

Chimanga chayamba kubeleka, ndipo anthu obwela kuchokela mbali ya nkhalango ya Lukusuzi akuti aona ndowe zaziwisi m'njila. N'chifukwa chake sindinathe kukhala chete.

Za mvula usade nkhawa, chinthu chako ndikuchisamala. Lachiwili lapitalo mphenzi inang'amba msuku wa kutchalitchi n'kupha mbuzi ziwili za a Robson, wapampando wa komiti. Amako anati, "Mwana uja anakulunga chinthu ndi tepi yofiila n'kuchikweza pamwamba pa munda wonse m'dzinja. Akuitana ndani?" Ukudziwa kuti kuno sitiyanika ngakhale nsalu yofiila mitambo ikada. Ndiye Lachitatu masana ndinakwela n'kuvundikila kabowa koyela kaja, kamene umati eliyo ya GPS, ndi sefuliya yakale ya amako, n'kumanga ndi waya kuti mphepo isachotse. Poyamba ndinaganiza kuti mwina sefuliyayo ndi imene yalakwitsa, koma nditavundikila kagetsi kanapitiliza kuphethila mpaka madzulo. Choncho si iyo ayi.

Ndikukumbuka unati kagetsiko n'ka nthawi. Ngati bokosi lataya nthawi, wotchi yanga ilipo. Ndimaichuna tsiku lililonse ndi nkhani za 13 koloko pa wailesi, ndipo sinasiyanepo nazo mphindi yathunthu. Undiuze pobaya, ndilipatse nthawi yanga.

Kalatayi ndapatsila Elias, kondakitala wa basi ya Lusaka.

Ndine adada ako,
Haswell Zimba

*

Kachindila
Lolemba, 17 Febuluwale

Towela,

Monile. Yankho lako sindinalandile. Mwina nchito. Amako anakuimbila sabata yatha, akuti unangoti uli bwino, mawu ako ali chapansipansi. Ndinawafunsa ngati anakuuza za kagetsi. Akuti anakuuza kuti bokosi lili bwino, adada ako akulisunga ngati dzila. Ndinangokhala pansi.

Zimene ndinkaopa zachitika. Lachisanu pa 14 mbandakucha mafoni a akomiti analila, uthenga ukuti njovu zili kumtsinje, kumpoto. Amuna onse tinathamangila kumeneko ndi zitini, malipenga ndi njelwa za tsabola zofukiza. Tinapeza achule okha. Pamene tinkaimba zitini kumtsinjeko, njovu zisanu ndi ziwili zinali kumwela, m'munda mwa ankhazi ako a Keziya. Dzuwa potuluka munda unali ngati bwalo lopunthila mawele. Ndinawelenga mapesi otsala chilili, 41.

Munda wanga, umene wangosiyana ndi wa mlongo wangayo ndi kanjila, sizinaupondemo. Ndikanakonda zikanadya wanga. Tsopano ku chigayo anthu akuti bokosi lili m'munda mwa Haswell, analipanga ndi mwana wa Haswell, ndipo munda wotsala ndi wa Haswell. Akuti silimvela njovu ayi, limazikankhila kwa ena. Jones wa pa njinga zamoto anandikuwila pagulu kuti, "A injiniya, sabata ino mwazitumiza kwa ndani, tikolole msanga?" Anthu anaseka. Ine ndinanamizila kusamva, ndipo kamodzi kokha ugonthi wandithandiza.

Kagetsi kakadali chiyakile. Ndimapitabe m'mawa ndi madzulo kukalemba kuti sikakuphethila. Sindikudziwa china chochita. Ngati ndakulakwila, nena, koma usandisiye ndi chinthu chimene sindichidziwa chilankhulo chake.

Adada ako,
H. Zimba

*

Kachindila
19 Febuluwale

Iwe Towela,

Uli bwanji kumeneko kumene chimanga chimamela m'mashopu? Ndine ankhazi ako Keziya. Sindikupempha kanthu, usaope kutsegula.

Chimwalilile amuna anga ndalinda munda uja zaka zisanu ndi zinayi ndekha. Ndinali ndi nsanja yanga, chitini changa ndi pakamwa panga. Njovu zinkandidziwa. Iwe unabwela ndi galimoto ya ofesi, unaima pa bwalo la sukulu n'kunena kuti amayi okalamba asamavutikenso pa nsanja, foni idzawadzutsa. Tinakuombela m'manja. Ine ndinalulutila kuposa onse, ndimati mwana wa mchimwene wanga. Nsanja ndinagwetsa, mitengo yake ndinaphikila.

Ndiye ndifunse. Makina akowa akasokonezeka mutu, sangakhale chete? Munthu woti sakudziwa kumene njovu zili amati sindikudziwa. Awa anatuma mudzi wonse kukaopseza achule.

Adada ako sindikulimbana nawo. Anabwela ndi dengu la maungu n'kuima pakhomo ngati mwana woswa mtsuko. Sakudya. Akungoyenda ndi kope lawo m'khwapa. Bwela udzaone munda wanga ndi maso ako, udzaonenso nkhope ya bambo ako. Basi ya Lundazi sinasiye kuyenda.

Keziya

*

Lusaka
24 Febuluwale

Adada,

Monile. Makalata onse atatu afika dzulo pamodzi. Yoyamba ija Elias anaiiwala m'jekete ku Chipata, yakhala kumeneko masabata awili ndi theka. Nditaiwelenga ndinalila. Ikanafika pa nthawi yake, munda wa ankhazi ukanakhalapo.

Adada, chotsani sefuliya lelo lomwe. Kabowa kaja kamamvela masetilaiti a kumwamba, amene ali ndi mawotchi osaphonya. Mawu awo amadutsa mitambo, mvula ndi pulasitiki, koma chitsulo sadutsa. Kagetsi kanaphethilabe tsiku loyamba lija chifukwa kachipangizoko kamayamba kayenda ndi nthawi imene kakukumbuka, kenako n'kugonja. Munaganiza bwino, kungoti ine sindinakuuzeni zimenezi.

Nthawi ndi yofunika motele. Njovu ikalila, mawu amafika msanga ku bokosi lapafupi, kenako ku enawo. Kusiyana kwa nthawiyo ndi kumene kumaloza malo. Pa sekondi imodzi mawu amayenda mtunda wa mabwalo a mpila atatu. Wotchi ya m'kakompyuta ka m'bokosi, ikasiyidwa yokha, imataya sekondi imodzi kapena ziwili pa tsiku. Lanu linakhala masiku khumi ndi asanu lili lokha. Linamva njovu molondola, koma linanama za nthawi imene linazimva. Wotchi yanu ndi yabwino, Adada, koma pano tikufuna kugawa sekondi imodzi ka chikwi, ndipo palibe chala cha munthu chingathe.

Funso la ankhazi n'loona, ndipo mlandu wake ndi wanga. Pulogilamu imene ndinaika m'mabokosi sinkafunsa ngati wotchi ili bwino isanalankhule. Ndinkati ndidzakonza, sindinakonze. Muwauze choncho, ndi mawu omwewa. Mnzanga wa kunchito wandithandiza kulemba yatsopano. Bokosi likataya nthawi, mafoni azilandila uthenga wakuti "sindikudziwa, lindani nokha." Mabokosi awili aja tawatumizila kale kudzela pa netiweki. Lanu ndi loyamba kupangidwa, ndinalilumikiza ndi manja pa tebulo, ndiye likufuna khadi.

Kakhadi kali mu emvulopu yaing'ono. Muchite motele. Zimitsani swichi ya batile. M'mphepete mwa kakompyuta muli khadi yakale, muisolole ndi zikhadabo, osati ndi mpeni. Lowetsani yatsopano mofanana ndi mmene yakaleyo inakhalila. Yatsani. Dikilani theka la ola kabowa kali pa mtetete. Kofiila kayambe kuphethila. Kenako kagetsi kobiliwila ka pa chitseko, kamene sikanayakepo, kayake. Kobiliwilako ndiye umboni wakuti kakompyuta kalandila nthawi.

Tepi yofiila sinali ya mankhwala. Yakuda inatha m'shopu pa boma. Amama akulunge malegeni akuda pamwamba pa tepiyo, bola mutu wa kabowa uone kumwamba.

Kubwela sindingathe pakali pano. Chonde musandifunse chifukwa.

Mwana wanu,
Towela

*

Kachindila
Lolemba, 3 Malichi

Mwana wanga,

Yewo chifukwa cha kalata ndi khadi. Ndaiwelenga kanayi. Sefuliya ija ndinachotsa tsiku lomwelo. Amako aitaya kudzala, akuti sakufuna kuionanso. Ankhazi ako ndinawawelengela mawu ako. Anati, "Bola wavomela," n'kupitiliza kusenda nthochi zaziwisi.

Ndinachita zonse Lachinayi pa 27. Ndinasamba m'manja ndi sopo, ndinayala nsalu yoyela pansi pa mlongoti kuti kakhadi kakagwa ndikaone. Ndinayatsa 9 koloko ndendende. Itakwana 9.22 kofiila kanaphethila. Ndinavula chipewa. Ndinawelenga ndi wotchi yanga, kuphethila 60 pa mphindi.

Kobiliwila sikanayake. Ndinadikila mpaka 17 koloko, osapita kukadya. M'mawa mwake chimodzimodzi. Mafoni a akomiti tsopano akulandila "sindikudziwa, lindani nokha" tsiku lililonse. A Robson akuti, "Zimenezo ngakhale mbuzi yanga ikanatiuza, ikanakhala moyo."

Pali china choti ndiulule. Pamene ndinatsegula kuti ndisinthe khadi, ndinapeza nyelele zamanga pa ngodya. Ndinazisesa ndi nthenga ya nkhuku, pang'onopang'ono. Loweluka poyang'anitsitsa ndinaona kawaya kachikasu kakulendewela. Mbali imodzi kagwila ku kachipangizo ka kagetsi kofiila, mbali inayo kali m'malele. Pa kakompyuta pali timano tachitsulo tondandalika mizele iwili ngati chipeso, 20 uku 20 uku. Sindikudziwa dzino limene kanachokapo. Sindikudziwanso ngati ndi nyelele kapena nthenga yanga.

Dzulo titaweluka kutchalitchi komiti inakhala. Ena amati mabokosi atsitsidwe pompo, masola tizitchajila mafoni. Ankhazi ako ndiwo anaima n'kuti, "Munda wadyedwa ndi wanga, mundisiyile ndilankhule. Chipatseni mayeso ngati mwana wa sukulu." Ndiye agwilizana motele. Loweluka pa 15 Malichi m'mawa, a Robson akabisala kutchile ndi ng'oma yaikulu ya kwaya, malo odziwa okha, n'kuimba. Unanena wekha kuti mabokosi amaimva ng'omayo monga njovu. Uthenga ukaloza pamene ali, mabokosi akhala. Ukapanda kuloza, atsitsa onse atatu, ndipo nkhani ya kuchigayo ija ikhala yoona mpaka ine kulowa m'manda.

Wati ndisakufunse, sindikufunsa. Ndikudziwa kuti kunchito kwako anzako amva zoti bambo ako anaveka setilaiti sefuliya. Inenso ndikanakhala iwe ndikanachedwa kubwela. Ungondiuza za waya.

Adada ako,
Haswell

*

Lusaka
7 Malichi

Adada,

Akulemba ndi a Gerald, ine ndikunena. Waya wachikasu ndi umene umanyamula kugunda kwa sekondi kuchoka ku GPS kupita ku kakompyuta. Popanda uwo kobiliwila sikangayake. Zimitsani batile. Pa mizele iwili ija, tengani wa kunja, wa m'mphepete. Welengani mano asanu ndi limodzi. Pa lachisanu ndi chimodzilo ndi pamene ulowe. Musaphonye, chifukwa mano ena akhoza kuwotcha GPS, ndipo ina ndilibe. Ndajambula kuseli kwa pepalali. Manyazi ayi, Adada, musamatelo.

Towela

Adada, ndi ine Gerald. Izi ndawonjezela iye osadziwa. Towela ali m'chipatala kuyambila pa 6 Febuluwale. Ndi woyembekezela, miyezi isanu ndi iwili, ndipo BP yakwela kwambili. Anatiletsa kukuuzani chifukwa cha zimene zinachitika pa mimba yoyamba ija, amati amama angadwale ndi nkhawa. Kalata yapita ija analembela pa bedi, manesi akumukalipila. Dzulo miyendo ndi nkhope zatupa, ndipo adokotala alamula kuti foni ndi laputopu zichoke. Akuti mwina amuchita opaleshoni sabata ya mawa. Chithunzicho wajambula yekha ali chigonele. Ine za mawaya sindidziwa kanthu, ndine wa mathilaki. Mutipemphelele.

*

Kachindila
Lolemba, 10 Malichi

A Gerald, apongozi anga, ndi iwe Towela ngati akulola kuwelenga,

Pepani, pepani ndithu. Ndakhala ndi bolopeni m'manja kuyambila m'mawa. Mwezi wathunthu ndakhala ndikutumiza madandaulo a kagetsi kwa mwana amene ali pa bedi la chipatala, n'kumamuganizila kuti akuchita nane manyazi. Amako anyamuka mawa ndi basi ya Elias, ndipo kalatayi ili m'manja mwawo, osati m'jekete la munthu. Ankhazi ako atamva anati ndikuuze kuti kalata yawo ija uing'ambe. Apatsila amako nkhuku. Amanganso nsanja, mitengo ndinawadulila ndine.

Ndikanayenela kulekela pomwepa. Koma ndikaleka, Loweluka atsitsa nchito ya manja ako, iwe uli chigonele osatha kuiyankhila. Ndiye ndilemba, Mulungu andikhululukile.

Ndazimitsa batile. Mzele wa kunja ndaupeza. Koma mzele uli ndi nsonga ziwili, ndipo sunanene kuti ndiyambile iti. Pa chithunzi chako pali timizele ndi muvi, koma palibe chosonyeza kumwamba kapena pansi. Ndachitembenuza mbali zonse, chikugwilizana ndi mbali zonse. Ndikawelenga kuchokela kumene kuli khadi, dzino lachisanu ndi chimodzi lilibe kanthu. Ndikawelenga kuchokela kumene kuli mabowo a mapulagi, nalonso lilibe kanthu.

Ndinayenda kupita ku bokosi la kusukulu kuti ndikaonele. Ilo ndi la mtundu wina, zonse zinamatidwa pansi pa kambale, waya wachikasu mulibe. La kumtsinje chimodzimodzi. Aphunzitsi aakulu anajambula langa ndi foni yawo n'kutumiza ku nambala yako, koma akuti chithunzi sichinatsegulidwe. Tsopano ndadziwa chifukwa chake. Ndinafunsa mnyamata wokonza mafoni pa Mwase, anati za njovu sagwila.

Ndajambula ndekha pa pepala la kope ndi lula, dzino lililonse, 40 onse, ndi mawaya ena monga akhalila ndi mitundu yake. Dzino la mbali ya khadi ndalemba A. La mbali ya mapulagi ndalemba B. Mtima wanga ukuti A, chifukwa mawaya anayi ochokela ku GPS, anzake a wachikasuyu, anakhala mondondozana mbali imeneyo, ndipo A ndi wotsatila pa mzele wawo. Koma mtima womwewu ndi umene unandiuza kuti sefuliya ndi nzelu. Dzulo ndinafikitsa waya pa A mpaka kukhudza, dzanja linakana. Ndaukulunga m'kapepala kuti usagunde kanthu, ndatseka bokosi.

A Gerald, musamudzutse chifukwa cha ine. Musamuwelengele kalata yonseyi, ndi yaitali. Ngati adokotala akana, akana, mabokosi atsike, ine ndizolowela kuseka kwa kuchigayo. Koma pakapezeka mphindi imene watsegula maso ndipo wamwa madzi, mumuonetse pepalali, angoloza ndi chala. Kenako muimbe pa foni ya amake a Towela, imene aisiya kwa a Keziya, chifukwa iwo makutu ali nawo. Muyambe mwanena za Towela ndi mwana. Mukatha, munene chilembo chimodzicho.

Bokosi limafuna theka la ola kuti lipeze nthawi, ndipo ine ndimafuna kuwala kwa dzuwa kuti ndione mano. A Robson alowa m'tchile Loweluka 7 koloko. Chonde yankho lindipeze lisanalowe dzuwa la Lachisanu pa 14.

Ndine,
Haswell Zimba